Mikanda ya ku Ghana Yopangidwa ku Petauke

Amai Febby Daka, amene ife a kuno ku Petauke timangowati amake Tisunge, sanaganizepo n'kamodzi komwe kuti adzakalambila pa mikanda. Anabadwila ku Nyampande kwa alimi a nshawa ndi thonje, anakwatiwa ndi bambo Cosmas Daka owotchelela zitsulo, n'kubwela kudzakhala ku boma. Kwa zaka makumi awili ankagulitsa tomato ndi lepu pamsika. Ine ndinawadziwila ku tchalitchi, komwe ndakhala mlembi wa chigwilizano cha azimai kuyambila kalekale, chifukwa palibe wina amene amafuna ntchitoyo.

Chaka china kunamveka kuti kwabwela bungwe lophunzitsa azimai kuweta nkhuku, ndipo maphunzilo ake achitikila ku Nyimba. Amai Daka analembetsa. Koma minibasi imene anakwela inaima pa Minga maola atatu kudikila kuti idzaze, moti pofika ku Nyimba anapeza kalasi ya nkhuku itadzaza. Yosoka nayonso inali itadzaza.

"Kwatsala mikanda chabe, amai," anatelo mtsikana wolemba maina.

"Mikanda? Nanga mikanda imaikila mazila?"

"Awe. Koma chakudya chamasana ni chimodzimodzi kalasi iliyonse."

Amai Daka anaganizila za ulendo wobwelela ndi njala pa minibasi yomwe ija, ndipo anakhala pansi.

Mphunzitsi anali bambo wina wamtali wochokela ku Ghana. Chingelezi chake palibe amene ankachimva, ndipo womasulila ankangomva theka, theka linalo n'kumadzipekela. Koma manja a bamboyo sanafune womasulila. Anatenga botolo, n'kuliphwanya, n'kulisinja mpaka linakhala ngati ufa. Anasefa ufawo, n'kuuthila m'timaenje ta chikombole choumba ndi dothi. Pakati pa kadzenje kalikonse anabayapo kaphesi ka tsamba la chinangwa. Analowetsa chikombolecho m'ng'anjo yotentha. Kaphesi kanapsa n'kusiya bowo, galasi linasungunuka n'kugwilana. Litazizila analikhutulila pamwala, n'kulikwecha ndi mchenga ndi madzi. M'dzanja mwake munatsala timikanda tobiliwila tonyezimila.

Amai Daka amanena kuti tsiku limenelo anaiwala kukadya chakudya chamasana chimene anakhalila.

Azimai khumi ndi anai anamaliza maphunzilowo. Khumi ndi atatu anapachika masatifiketi m'nyumba zao, ndipo ali pomwepo mpaka lelo. Amai Daka anakakumba dothi la pachulu n'kumanga ng'anjo kuseli kwa nyumba. Bambo Daka, atadandaula kwa sabata yathunthu, anawawotchelela mtondo wachitsulo, munsi wake n'kukhala chitsulo cha galimoto yakufa. Mikanda yoyamba inatuluka ngati ndowe za mbuzi. Yachiwili inakakamila m'chikombole. Moto ukachepa galasi limangokhala phulusa, ukachuluka limathawa m'timaenje n'kukhala chigamba chimodzi. Zala zao zinapsa, zinapola, zinapsanso. Patatha miyezi inai mikanda inayamba kuoneka ngati mikanda.

Vuto linatsala pa mabotolo. Mabotolo a mowa wamba ndi a zakumwa zozizilitsa kukhosi satayidwa, amabwelela kwa eni ake. Otayidwa ndi a vinyo ndi a mowa waukali uja. Ndiye m'mawa uliwonse amai Daka ankakankha wilibala kuzungulila mabala ndi maloji a m'tauni. Pobwela ankadutsa pamsika, mabotolo akulila ngwele ngwele ngwele njila yonse, fungo likuwatsata pambuyo.

Petauke si Lusaka. Isanathe sabata, nkhani inali itafika paliponse kuti amake Tisunge ayamba kumwa. Sabata yachiwili inali yoti amamwa wilibala yathunthu pa tsiku. Yachitatu inafika kwa amai Maureen Njobvu, apampando a chigwilizano chathu, akazi a mkulu wa mpingo, ndipo anandiuza kuti ndilembe kalata yoitana amai Daka kukomiti.

Tinakumana Lachinai masana m'chipinda cha kuseli kwa tchalitchi. Amai Daka anabwela ndi thumba la mabotolo ndi mbale ya mikanda. Anafotokoza zonse kuyambila pa minibasi mpaka pa ng'anjo, n'kundandalika mabotolowo patebulo.

"Ife sitikana ntchito ya manja," anatelo amai Njobvu. "Koma mai wa chigwilizano kulowa m'bala tsiku ndi tsiku, anthu akunja aziti chiyani? Onani zinthu zake izi. Uyu ndi poizoni yekhayekha."

"Iyo yobiliwila ilibe vuto kwambili," anayankha amai ena okalamba amene anakhala kumapeto. "Imatsekemela ngati juwisi. Yoipa ni yoyela iyo, ya chizindikilo chofiila. Iyo imatema mutu masiku awili."

Amaiwo anayamba kukonza duku lao, lomwe linali bwinobwino.

"Nilembe zimenezo m'maminitsi?" ndinafunsa ine.

"Musalembe," anatelo amai Njobvu.

Titakambilana maola awili tinagamula kuti amai Daka apitilize ntchito yao, koma wilibala aziiphimba ndi chitenje, ndipo chitenjecho chisakhale cha mpingo. Kuyambila tsiku limenelo mabotolo ankalilabe ngwele ngwele podutsa pamsika, kungoti tsopano ankalila atafunda.

Mlanduwo unawathandiza m'njila imene palibe anaiganizila. Tauni yonse inadziwa kuti pali munthu amene amalandila mabotolo osafunsa mafunso, ndipo amawasinja osatsala ndi chizindikilo chomwe. Abambo aulemu wao anayamba kupatuka pageti. Wina ankati wawatola m'ngalande. Wina ankati anasiya ndi alendo. Loweluka lina kunaima galimoto ya bambo Njobvu eni ake, mkulu wa mpingo uja. Anatsitsa saka.

"Amake Tisunge, nawapeza m'mbali mwa munda wanga ku Msanzala. Anyamata a masiku ano saopa Mulungu."

"Zikomo kwambili, bambo."

Amai Daka atamasula sakalo anapeza mabotolo onse ali a mtundu umodzi, obiliwila modelako ngati tsamba la mango, otsukidwa bwino, lililonse ndi chitsekelelo chake. Anyamata a ku Msanzala anali aukhondo ndithu. Analinso osaphonya, chifukwa saka lotele linkafika Loweluka loyamba la mwezi uliwonse. Amai Daka sananene kanthu kwa munthu aliyense. Ine ndinazimva patapita zaka, ndipo ngakhale apo ndinachita kuwakakamiza.

Mabotolo anapezeka, koma ogula mikanda panalibe. Anayala mikanda ya m'khosi, zibangili ndi ndolo pambali pa tomato wao pamsika. Azimai ankaima, kuigwila, kuiyesa, kufunsa kuti yachokela kuti. Akamva kuti yachokela kuseli kwa nyumba ya aDaka ankaibweza msangamsanga.

"Ine kuvala botolo la mowa m'khosi?" anatelo amai Njobvu tsiku lina, mokweza kuti ogulitsa kapenta amve. "Zinyalala zikhale kudzala, amake Tisunge. Nipatseni tomato."

Mawu amenewo anawapweteka amai Daka. Anandiuza kuti anafika kunyumba n'kukhala pafupi ndi ng'anjo yozizila mpaka bambo Daka anabwela kudzafunsa ngati lelo kudyedwa. Koma sanasiye. Anaganiza zokayesa ku Nyimba, kumene mabasi a ku Lusaka ndi a ku Chipata amaima. Kumeneko anapeza kuti munthu wa m'basi akasuzumila pawindo amafuna nthochi basi. Amai Daka ankathamanga pakati pa azimai a nthochi atanyamula mikanda m'mwamba, anthu n'kumawakankha dzanja kuti aone mikoko ili kumbuyo kwao. Mai wina anagwila chibangili, basi inanyamuka, chibangili chinapita ku Chipata chokha.

Ulendo wachitatu ndi pamene anakumana ndi Wilbroad. Anali mwamuna wa zaka ngati makumi atatu, wa nsapato zosongoka ndi mafoni awili. Anatsika m'basi kukagula madzi, anaona mikanda, anaiyang'anitsitsa padzuwa, n'kufunsa kuti ilipo ingati. Anagula yonse, basi n'kumusiya, iye osadandaula. Kuyambila pamenepo ankabwela ku Petauke mwezi ndi mwezi kudzatenga iliyonse imene yapangidwa. Kumene ankapita nayo sankanena, amai Daka nawonso sankafunsa. Anasiya tomato.

Panapita chaka ndi miyezi. Kenako mwana wa aNjobvu, Wendy, anapeza banja, ndipo kunakonzedwa kichini pate imene Petauke anali asanaionepo. Tonse tinapita. Amai Njobvu analowa m'holo atavala diresi la lesi, m'khosi muli mizele itatu ya mikanda yobiliwila modelako. Azimai anawazungulila.

"Iyi ni ya ku Ghana," ankatelo, akutembenuka pang'onopang'ono kuti aliyense aone. "Nagula ku Lusaka, mu shopu ija ya azungu. Kuno simungaipeze. Gwilani, koma bwinobwino."

Anatulutsa m'chikwama kakhadi kamene kanabwela ndi mikandayo. Panali chithunzi cha mai wovala duku lalikulu atafulatila, ndi mawu a Chingelezi onena kuti mikandayi amapanga ndi azimai a m'mudzi wina wa ku Ghana, mwa luso la makolo ao.

Amai Daka anali pambali panga. Ndinaona akuyandikila, n'kugwila mkanda umodzi, n'kuuzungulitsa ndi chala. Chikombole chao china chinali ndi mng'alu, ndipo mkanda uliwonse wotuluka m'menemo unkakhala ndi kamzele kotukuka pambali. Kamzeleko kanali pomwepo. Mtundu wa galasi nawonso anaudziwa bwino lomwe, popeza unkafika Loweluka loyamba la mwezi.

"Amai apampando, iyi ninapanga ndine."

"Mwati bwanji?"

"Ninapanga ndine. Onani kamzele aka. Onaninso apa." Anakweza dzanja kuonetsa chibangili chao.

Azimai anayang'ana dzanja, anayang'ana khosi, anayang'ananso dzanja. Amai Njobvu anaseka kaseko kouma.

"Mwayesetsa ndithu kukopela, amake Tisunge, mpaka kamzele komwe. Koma yeniyeni imadziwika. Imvani kulemela kwake."

"Nanga mabotolo ake mudziwa kumene anachokela?"

Ine ndinawaponda phazi, ngakhale nthawi imeneyo sindinkadziwa chimene ankafuna kunena. Ndinangoona nkhope yao. Anayang'ana Wendy atakhala pamphasa, atafunda chitenje kumutu monga mwa mwambo, ndipo anameza mawuwo.

"Ku Ghana komweko," anatelo okha, n'kukakhala pansi.

Wilbroad atabwela mwezi umenewo anapeza mikanda ili m'beseni, beseni lili pamiyendo ya mwini wake.

"Iwe Wilbroad, mai wa duku uja pa khadi ni ndani?"

Wilbroad anayang'ana foni yoyamba, kenako yachiwili. Palibe imene inalila.

"Ninamutenga pa intaneti, amai."

"Zala zinapsa ni zanga, dzina n'kupita ku Ghana?"

"Amai, mvetselani. Nikauza anthu kuti ni za ku Petauke, afunsa kuti manje zidulilanji. Nikati ni za ku Ghana, afunsa ngati zilipo zina. Ine sinipanga anthu, nigulitsa chabe."

"Ndiye pita ku Ghana ukatenge."

Anabweza beseni m'nyumba. Bambo Daka, amene ankamvela ali pa ntchito yao yowotchelela geti, anavula magalasi akuda n'kufunsa akazi ao ngati aganiza bwino. Anayankhidwa kuti apitilize geti. Mwezi wotsatila Wilbroad anabwelanso, anabwelela manja ali m'thumba. Mwezi wachitatu anafika ndi makhadi atsopano. Mai wa duku anali atachoka. Panalembedwa kuti luso ndi la ku Ghana, manja ndi a Febby Daka wa ku Petauke. Mawu oti Ghana anali aakulu ngati chikwangwani cha pamsewu, oti Petauke ofuna magalasi, koma analipo. Amai Daka anawelenga kawili n'kutulutsa beseni.

M'miyezi iwili ya mkanganowo sanakhale manja lende. Azimai amene anali pa kichini pate paja anayamba kufika kunyumba mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kumbuyo ngati akupita kwa sing'anga.

"Amake Tisunge, munipangileko monga ija ya amai apampando. Ija ya ku Ghana."

"Ya ku Ghana kulibe. Ilipo ya kuseli kuno."

"Iyo yomweyo. Koma musauze munthu."

Pofika Khisimasi theka la chigwilizano linali litavala mikanda, aliyense akunena kuti anamutumizila ndi m'bale wa ku Lusaka. Amai Njobvu ankaiyang'ana n'kupukusa mutu, kumvela chisoni anthu ovala zokopela.

Chaka chatha kunabwela uthenga woti kudzakhala msonkhano waukulu wa azimai a mipingo yathu yonse ya m'boma lino, ndipo padzakhala mpikisano wa kwaya ndi wa kavalidwe. Yunifolomu ndi imodzi kulikonse, ndiye funso linali loti ife tidzasiyana bwanji ndi anzathu. Amai Njobvu anaimilila m'komiti n'kunena kuti Mulungu wawapatsa ganizo. Aliyense wa ife adzavale mkanda wobiliwila m'khosi, wopangidwa konkuno, pakuti iwo akhala akunena kuyambila kale kuti tizinyadila luso la kwathu.

"Nilembe kuti mwakhala mukunena kuyambila kale?" ndinafunsa.

"Lembani."

Ndinalemba. Tinalipo azimai zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu, ndipo kunatsala masabata asanu ndi limodzi. Amai Daka anati moto ndi manja zilipo, koma mabotolo obiliwila okwanila khamu lotele sangapezeke ngakhale atazungulila mabala onse mpaka ku Nyimba. Nkhani inapita kwa abusa.

Abusa athu anali achinyamata, ongochoka kumene ku sukulu ya ubusa, ndipo ankakhulupilila ndi mtima wonse kuti nkhosa zao zimamwa tiyi ndi maheu. Lamulungu analengeza paguwa kuti aliyense amene angaone botolo lobiliwila lotayidwa m'njila alitole, abwele nalo sabata yamawa, alisiye pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa tchalitchi. Anaonjeza kuti akudziwa kuti n'kovuta kwa Akhristu kupeza zinthu zotele, koma ngakhale atapezeka makumi awili, Ambuye adzadalitsa.

Lamulungu lotsatila anthu anafika msanga kuposa masiku onse, aliyense pofuna kuti asaonedwe, ndipo onse anakumana pamtengo wa mango. Ena ananyamula m'zikwama, ena m'masaka, ena panjinga. Mkulu wina wa kwaya anabwela ndi ngolo. Panalibe woyang'ana mnzake kumaso. Moni wake unali umodzi.

"Mwatola kuti, bambo?"

"M'njila. Nanga inu?"

"M'njila momwemo."

Inenso ndinabweletsa atatu. Anali a mlamu wanga, ndipo ndidzanena zomwezo kulikonse kumene ndingafunsidwe.

Abusa atatuluka m'nyumba yao anapeza mulu wofika m'chiuno, ukunyezimila padzuwa la m'mawa, ntchentche zikuzungulila. Anaima nthawi yaitali Baibulo lili m'khwapa. Bambo Njobvu anawayandikila n'kunena kuti izi zikuonetsa mmene dziko laipila kunjaku.

"Inde, aNjobvu," anatelo abusa. "Njila za ku Petauke zimamwa kwambili."

Ulaliki umene anakonza tsiku limenelo anausiya. Analalikila za kuledzela Lamulungu limenelo, lotsatila, ndi linanso, ndipo ameni ankamveka mwamphamvu kuchokela mabenchi onse.

Amai Daka anatuta muluwo ndi ngolo maulendo anai. Kwa masabata asanu mtondo wachitsulo unkamveka kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Bambo Daka anasiya kaye mageti a anthu n'kumawaza nkhuni. Aneba anadandaula za phokoso, koma popeza akazi ao anali pa mndandanda wa odikila mikanda, dandaulolo silinapite patali. Ine ndinkapita masana kukathandiza kutunga mikanda pa ulusi, ndipo ndinaona mmene ntchitoyo imadyela munthu. Maso ao anafiila ndi utsi, msana unkakana kuwongoka, m'manja munali timabala ta galasi tosawelengeka. Koma chikombole chilichonse chikatuluka m'ng'anjo ankachiyang'ana ngati n'choyamba.

Mkanda womaliza anaumanga kutatsala tsiku limodzi. Pa msonkhano tinalowa pamzele, azimai oposa zana, m'khosi muli biliwili, tikuimba nyimbo yodzudzula mowa imene abusa anatisankhila. Pa kwaya tinakhala achinai. Pa kavalidwe tinapambana. Amai Njobvu anapita kutsogolo kukalandila mphatso, yomwe inali wochi ya pakhoma, ndipo analankhula mphindi khumi za mmene ganizoli linawafikila. M'khosi mwao munali mkanda wofanana ndi wathu, ndipo pansi pake anavalanso wao uja, kuti anthu aone kusiyana.

Amai Daka sanamve mawu amenewo. Sanapite n'komwe ku msonkhano. Anati miyendo yakana, ndipo anagona tsiku lonse chitseko chili chotseka. Madzulo ndinapita kukawauza kuti tapambana, komanso kuti azimai a ku Sandwe ndi a mipingo ina iwili atenga nambala yao ya foni.

"Wochi ili kuti?" anafunsa.

"Ili kwa apampando. Akuti aisunga m'malo mwa tonse."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandionetsa zikombole zao zitaunjikidwa pakona. Moto wa masabata asanu unali utazing'amba pafupifupi zonse. Anati apuma sabata imodzi, ndipo akatelo apita ku Nyampande, kumene kuli chulu cha dothi labwino kuseli kwa munda wa achimwene ao. Anapumadi, koma masiku atatu okha. Lachinai m'mawa ndinawaona pa siteshoni atanyamula khasu ndi masaka awili opanda kanthu, akukangana ndi kondakitala amene ankafuna kuti khasulo likwele padenga.